Chimene Ndinabisa M'thumba pa Dwangwa

Pa Chintheche ndakhala ndikukonza galimoto kwa zaka khumi ndi zinayi. Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu, koma bambo anga anabwera kuno kudzacheka mitengo ya labala ku esiteti, ndipo ine ndinakulira kuno. Chitonga ndimamva bwinobwino, koma ndikayesa kuchilankhula anthu amagwira pakamwa, ndiye ndimangokhala pa Chichewa changa. Galaja yanga ndi kashedi ka malata m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo ntchito yanga yambiri ndi maminibasi otopa ndi injini za maboti.

Chaka chatha mwezi wa Ogasiti kunabwera kagalimoto kofiira kochita kukokedwa ndi chingwe. Eni ake anali Asisitala NyaManda, azamba a pachipatala china cha ku Kande. Ndi mayi osachuluka mawu, ndipo ana ambiri a m'dera muno, kuphatikizapo awiri anga, anabadwira m'manja mwawo.

Injini inali itanoka, kutanthauza kuti inali itaonongeka m'kati. Nditatsegula boneti ndinayamba ndaima kaye. Injiniyo inali yaing'ono, koma inali ndi zida ziwiri zoikankhira mpweya. China ndi supachaja, imene imazunguzidwa ndi lamba ndipo imapatsa galimoto mphamvu ikamanyamuka. China ndi tebo, imene imazunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini ndipo imalandira ntchitoyo galimoto ikayamba kuthamanga. Tebo ndinali nditaigwirapo kangapo. Koma ziwirizi zili pa injini imodzi, zikulandirana ntchito, ndinali ndisanazionepo.

"A Mbewe, muitha?" anandifunsa asisitala. "Ngati simuitha nenani, ndiitumize ku Mzuzu."

"Injini ndi injini, mayi," ndinatero.

Zoona zake n'zakuti amene anandithandiza kuitha ndi Che Amidu, ogulitsa masipeya ku Biwi, ku Lilongwe. Munthuyo ndinali ndisanamuonepo ndi maso. Nambala yawo anandipatsa ndi dalaivala wa basi. Ndi iwo amene ananditumizira mapisitoni, maringi, gasiketi, tcheni, komanso tebo ina yabwino yochotsedwa m'galimoto imene inachita ngozi. Ndikasokonezeka ndinkawaimbira, iwo n'kusiya makasitomala n'kumandilongosolera payipi iliyonse kumene ikuchokera ndi kumene ikupita.

Ntchitoyo inanditengera milungu isanu ndi umodzi. Tsiku limene injini inalira ndinaitanitsa mkazi wanga kuti adzamve. Ndinaiyesa pang'onopang'ono, kufika pa Kande n'kubwerera, osaipanikiza chifukwa injini yongomangidwa kumene imafuna kuileza. Za Che Amidu sindinauze aliyense pa Chintheche. Anthu akamayamikira, ndinkangopukuta m'manja n'kumamwetulira.

Mwezi wa Okutobala mwana wamkazi wa asisitala anali ndi chinkhoswe ku Lilongwe, ku Area 25, Loweruka masana. Ndinadzipereka kuwayendetsa. Ndinawauza kuti ndikufuna kumvetsera injini pa mtunda wautali, koma chimene mtima wanga unkafuna chinali choti amakaniko a mumzinda aone ntchito ya munthu wa pansi pa kashedi.

Tinanyamuka pa Kande Lachisanu dzuwa likutuluka. Kumbuyo tinaika matumba awiri a mpunga wa ku Limphasa, thumba la ufa wa kondowole, katoni ya usipa wouma ndi sutikesi. Asisitala anakhala mopanikizika pambali pa katunduyo. Kutsogolo kunakhala achimwene awo, Ada Manda, mkulu wa imvi mbuu amene anagwira ntchito ya ukalaliki ku Joni zaka zambiri. Iwowo ndiwo anali ankhoswe a mtsikanayo. Anavala suti yotuwa ndi tayi ngakhale kunja kunali kutayamba kale kutentha.

"Mwe uli, amisiri?" anandipatsa moni m'Chitonga pokwera.

"Nde umampha, ada," ndinayankha, iwo n'kuseka katchulidwe kanga.

Pa Tukombo tinataya theka la ola. Msuweni wawo wina anali akutidikira pamsewu ndi tambala wamoyo ndi mkoko wa nthochi, zoti tikapereke kwa mtsikanayo. Asisitala anakana tambala, msuweniyo anakakamira, ada analowererapo m'Chitonga, ndipo mapeto ake tinanyamula nthochi, tambala n'kubwerera kwawo ali m'khwapa. Kuchoka pamenepo ndinayendetsa modekha. Injini inkalira bwino moti ndinazimitsa wailesi kuti aliyense aimve.

Titawoloka mlatho wa Dwambazi, minibasi ina inatipitirira ikuimba hutala. Kondakitala anatulutsa mutu pazenera n'kutikupizira dzanja ngati akupitikitsa nkhuku.

"Amisiri," anatero ada, "zida ziwiri mwakhala mukutitamandira zija zagona kodi?"

Msewu unali woongoka, kutsogolo kulibe kanthu. Ndinatsitsa giya n'kuponda mafuta mpaka pansi. Kagalimoto kanadumpha ngati kalumidwa. Ndinamva supachaja ikulira, kenako tebo inalandira ndi kamluzu kake, ndipo minibasi ija tinaidutsa ngati yaima. Ada anamenya dashibodi ndi chikhatho akuseka. Chimwemwe chimenecho sichinathe ngakhale mphindi imodzi. Kutsogolo kunamveka phokoso ngati supuni yagwera m'chigayo, mphamvu yonse inatha, ndipo pagalasi ndinaona utsi ukutitsatira. Ndinapatukira kumbali n'kuzimitsa injini. Minibasi ija inatidutsanso, kondakitala akutibayibitsa.

Tinakhala pamenepo maola awiri, pansi pa mtengo wa mango wopanda mthunzi weniweni. Galimoto zinkadutsa koma palibe inafuna kukoka inzake m'dzuwa limenelo. Ada sanavule jekete. Asisitala anatulutsa katoni ya usipa kuti isatenthedwe m'galimoto, n'kuikhalira pafupi akuingitsa ntchentche. Pomaliza panabwera thalakitala yochokera kokatula nzimbe, ndipo dalaivala wake anavomera kutikoka. Chingwe chinaduka kawiri tisanafike pa Dwangwa.

Pa Dwangwa makaniko wina wa kuseri kwa filing'i siteshoni anandibwereka malo. Asisitala ndi ada anapita kukafuna madzi akumwa. Ine ndinamasula payipi yolowetsa mpweya mu tebo n'kusuzumira. Timapiko ta kagudumu ka m'katimo tinali titapindika, tina titabenthuka, ndipo pa kachitsulo ka pakati pake panali patakulungana chinthu cha buluu.

Ndinachizindikira ndisanachikhudze. Inali nsanza ya ovolosi yanga yakale. Nthawi imene ndinkadikira tebo kuchokera ku Lilongwe, ndinang'amba ovolosiyo n'kutseka nayo mapayipi onse kuti fumbi ndi abuluzi asalowemo. Ndinatseka malo anayi. Pomanga ndinachotsa nsanza zitatu. Yachinayi iyenera kuti inakankhikira m'kati, pamene payipi imakhota, ndipo ine sindinawerenge. Masiku onse ndinkayenda pang'onopang'ono aja inangokhala phee pamenepo. Nditaponda mafuta pa Dwambazi, tebo inaimeza.

Ndinaikoka ndi pulayazi. Inatuluka ili chibumba chonyowa ndi oyilo, kukula kwake ngati nkhonya ya mwana. Nthawi yomweyo ndinamva nsapato za ada zikubwera pamiyala. Ndikanakonda kunena kuti dzanja linachita lokha, koma ayi. Ndinaganiza za kashedi kanga, za anthu amene anandiyamikira, za mkazi wanga atamwetulira pomva injini ija. Ndinaika nsanzayo m'thumba la thalauza.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa ada.

"Tebo yafa."

"Yafa bwanji poti mwaiika mwezi wathawu?" anatero asisitala, atagwira botolo la madzi limene anandigulira.

Apa ndi pamene ndikananena zoona. Mawu ake anali ochepa. Koma ndinayang'ana m'injini n'kunena kuti, "Zikuoneka kuti anatigulitsa yotha kale. Anangoitsuka kunja kuti iwale."

"Ndani?" anafunsa ada.

Ndinatchula dzina la Che Amidu ndi malo awo.

"Imasuleni, tiitenga. Mawa m'mawa, ndisanakakhale pampando wa unkhoswe, ndikufuna ndikamuone munthu ameneyo."

"Zisiyeni ada, ndikambirana nawo ndekha pafoni."

"Pafoni ndi pamene anakuberani. Mlongo wangayu wagwira ntchito usana ndi usiku kuti agule kagalimoto aka. Imasuleni."

Ndinaimasula, n'kuikulunga m'jumbo n'kuiika m'kakatoni. Galimoto tinaisiya kwa makaniko uja, katundu yense n'kumusenzera ku siteji.

Minibasi ya ku Nkhotakota tinaipeza muli anthu anayi. Kondakitala analumbira kuti ikunyamuka pompano, ndipo inanyamukadi, kukazungulira pamsika n'kubwerera pamalo pomwepo. Inachita zimenezi katatu. Matumba athu anawawerengera ngati anthu awiri. Ada anatsutsa, kondakitala n'kuwayankha kuti mpunga umalemera kuposa iwowo ndipo sudandaula. Asisitala analipira. Tinachoka pa Dwangwa dzuwa litapendeka kale.

Ndinakhala pakati, katoni ya tebo ili pamiyendo. Kumanja kwanga kunali ada, kumanzere mayi wina wogulitsa tomato. Tisanafike n'komwe pa mlatho wa Bua, ada anali atafotokozera minibasi yonse zimene zatichitikira. Anafotokoza bwino, monga munthu wozolowera kulankhula pagulu. Anati amisiri awa agwira ntchito yotamandika, injini imene ngakhale ku Mzuzu akanaikanika, koma mbava ya ku Biwi yawagwetsa. Mphunzitsi wina wa kumbuyo anati ku Biwi onse ndi choncho. Bambo wina wa kutsogolo anapempha kuti abwerezenso dzina la sitoloyo, n'kulilemba pafoni kuti akachenjeze mlamu wake amene ali ndi matakisi.

"Pepani bambo," anatero mayi wa tomato uja akundiyang'ana. "Anthu okhulupirika ndi amene mumavutika m'dziko muno."

Anatulutsa chimanga chootcha m'chikwama, n'kuchithyola pakati n'kundipatsa mbali yaikulu. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinadya chonse.

M'minibasimo munkatentha, ndipo oyilo wa m'nsanza uja anayamba kudutsa m'thumba. Ndinkamumva akunyowetsa ntchafu. Titatsika pa Nkhotakota asisitala anaona banga lakuda pathalauza langa.

"A Mbewe, katoniyo ikudontha. Mwaononga thalauza chifukwa cha ife," anatero, n'kundipatsa kampango kawo.

Ndinanamizira kupita kuchimbudzi. Kuseri kwa depoti kunali dzala, ndipo ndinaima pamenepo nsanza ili m'manja. Palibe amene ankandiona. Kuitaya kunali kosavuta, koma ndinadziuza kuti ndikaitaya ndiye kuti bodza lija ndalikhomera msomali. Ndinati ndiulula tikangokwera minibasi ina. Ndinaibwezera m'thumba, ndipo kwa kanthawi ndinadzimva ngati munthu wabwino chifukwa choti sindinaitaye.

Titakwera minibasi ya ku Salima ndinati ndidikire anthu achepeko. Anthu sanachepe. Titangodutsa pa Chia, pamene anyamata amathamangira galimoto ndi nsomba m'manja, tayala lakumbuyo linaphulika. Tonse tinatsika. Jeke ya dalaivala inali yokanika kukwera, ndipo ada analengeza kuti musadandaule, tili ndi amisiri. Ndinagona pansi, ndinaikonza jekeyo ndi waya ndi mwala, tayala n'kulowa. Anthu anawomba m'manja.

Pofuna kutulutsa tayala lapadera, kondakitala anali atatsitsa katundu, ndipo thumba limodzi la mpunga linakodwa pachitsulo n'kung'ambika. Nditadzuka pansi paja ndinaona asisitala atagwada m'mphepete mwa msewu, akuwola mpunga ndi manja, akupatula wa pamwamba ndi wosakanikirana ndi mchenga. Mayi amene akalowa m'chipinda cha amayi oyembekezera aliyense amakhala chete, anali atagwada m'fumbi galimoto zikuwadutsa. Anatulutsa singano ndi ulusi m'chikwama n'kusoka thumbalo. Ndinapita kukawathandiza kugwira.

"Musadandaule kwambiri, a Mbewe," anatero osadzutsa mutu. "Nkhope yanu yagwa kuyambira pa Dwangwa. Inu mbali yanu munachita."

Ndinatsegula pakamwa. Kondakitala anakuwa kuti tikwere, ndipo ndinalola kuti kukuwa kwakeko kundipulumutse.

Chakumadzulo, tili cha ku Khombedza, foni yanga inalira. Pagalasi panaoneka dzina la Che Amidu. Ndinali nditawauza kumayambiriro kwa mlungu kuti Lachisanu galimoto ija ibwera ku Lilongwe, ndipo ndikudziwa kuti ankafuna kumva ngati tayenda bwino. Ada anali atatsamira paphewa langa akuwodzera. Ndinaitembenuza foniyo n'kuisiya ilire mpaka inasiya yokha.

Pa Salima tinafika kutada, minibasi za ku Lilongwe zitatha. Madzulo amenewo asisitala ankayenera kukhala ali ku Area 25, pamodzi ndi amayi ena, kulangiza mwana wawo. Ndinawamva akulankhula naye pafoni pakhonde la resitihausi imene tinagona. "Ndifika mawa, mwanangu. Azakhali ako ayambe, asandidikire." Anamvetsera kaye. "Usalire. Si mlandu wa munthu, ndi galimoto."

M'mawa tinakwera minibasi yoyamba. Za mapiri a ku Mvera ndi msika wa pa Chezi sindikukumbukirapo kanthu, chifukwa njira yonse ndinkakonza mawu m'mutu n'kumawafufutanso. Pa depoti ya ku Lilongwe mkamwini wawo wina anabwera ndi galimoto kudzatenga katundu. Asisitala anafuna kuti tonse tipite naye.

"Achimwene, nthawi yatha. Izi tidzaziona Lolemba."

"Lolemba mbava idzakhala itamva. Ola limodzi lokha."

Asisitala anatsatira, osati chifukwa chofuna mkangano, koma kuti akawagwire achimwene awo akapsa mtima.

Sitolo ya Che Amidu inali kontena yopaka utoto wachikasu, pakati pa makontena ena ambiri, pansi ponse pali oyilo ndi zitsulo. Anali munthu wamfupi, wa ndevu za imvi, atavala kachisoti koyera ndi magalasi. Nditangopereka moni anadzuka.

"Mawu awa ndikuwadziwa. A Mbewe a ku Chintheche. Dzulo ndinakuimbirani. Galimoto ija ili kuti, tiione?"

Anatambasula manja onse awiri. Ada anaika katoni pakauntala pakati pathu.

"Galimoto ili pa Dwangwa, yafa. Yaphedwa ndi chinthu ichi chimene munagulitsa. Inu bambo, ndi ndevu zanuzo, mulibe manyazi? Kutenga chitsulo chotha, kuchitsuka ndi petulo, n'kutumizira munthu wosauka wa kumudzi chifukwa mukudziwa kuti sangabwere kudzakufunsani?"

Mawu a ada ndi aakulu. Anthu a m'makontena oyandikana anayamba kutuluka. Amakaniko amene anali pansi pa galimoto anadzuka, masipanala ali m'manja. Kasitomala wina amene anali atasankha kale katundu anamubwezera pakauntala n'kubwerera m'mbuyo. Asisitala anagwira mkono wa ada koma iwo anapitiriza. Ananena za mlongo wawo amene wagona panjira, za mwana amene walangizidwa mayi ake palibe, ndipo anamaliza ndi mawu akuti wakuba, kawiri, n'kunena kuti akachoka pano apita kupolisi.

Ine ndinaima kumbuyo kwawo, maso ali pansi.

Che Amidu anayang'ana katoniyo. Nkhope yawo inachita ngati yaphwa. Anati, "Bambo, ngati katundu wanga anali woipa, ndikupatsani wina lero lomwe, anthu onsewa akuona. Ndiloleni ndione kaye."

Anatulutsa tebo m'jumbo n'kupita nayo padzuwa. Anagwedeza kagudumu ndi chala. Anayang'ana timapiko topindika tija nthawi yaitali. Kenako anatola kawaya kopyapyala, n'kukalowetsa kuseri kwa kagudumuko, n'kukoka pang'onopang'ono. Panatuluka kaulusi ka buluu, kotalika ngati chala. Anakakulunga pachala chawo. Ambiri mwa anthu amene anaima pamenepo sanaone, ndipo ada sanadziwe tanthauzo lake. Che Amidu akanatha kukweza kaulusiko m'mwamba n'kundimaliza pomwepo. Sanatero. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa motsitsa mawu.

"A Mbewe, inu ndi amene munatsegula. Munapezamo chiyani?"

Ndinalowetsa dzanja m'thumba. Nsanza ija inali itamatirira kunsalu moti ndinachita kuikoka. Ndinaiika pakauntala, pafupi ndi katoni.

"Ndinapezamo iyi. Ndi ya ovolosi yanga. Ndinatsekera payipi, n'kuiwala kuichotsa. Tebo yanu inalibe vuto."

Wina kumbuyo anaseka pang'ono, mnzake n'kumuletsa. Ada anayang'ana nsanzayo, kenako banga la pathalauza langa.

"Munaipeza liti?"

"Pa Dwangwa."

"Tisanakwere minibasi?"

"Eya, ada."

"Ndiye ine ndikulankhula njira yonse ija, chinthu ichi chili m'thumba mwanu?"

Ndinkayembekezera kuti andilalatira monga anachitira ndi Che Amidu, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma anatembenuka, anavula chipewa, n'kugwada ndi bondo limodzi pansi pa oyilo paja, ndi suti imene amakakhala nayo pa unkhoswe.

"Bambo, ndakutukwanani pamaso pa anzanu popanda chifukwa. Ndine munthu wamkulu, ndinayenera kufunsa kaye. Ndikhululukireni."

Che Amidu anazungulira kauntala msangamsanga n'kuwadzutsa. "Dzukani, dzukani. Inu munanena zimene munauzidwa." Anawapukuta bondo ndi kansalu koyera, koma banga silinachoke.

Asisitala anandiyandikira. Sanakweze mawu.

"A Mbewe, kwathu kuchipatala tisanamalize kusoka munthu timawerenga tinsalu tonse timene tagwiritsa ntchito. Kakasowa kamodzi, amene waona amanena pomwepo. Kuiwala aliyense amaiwala. Mukanandiuza pa Dwangwa, ndikanakwiya mpaka pa Nkhotakota, basi."

"Pepani, mayi."

"Ku chinkhoswe musabwere. Bwererani mukakonze galimoto yanga."

Anagwira achimwene awo pamkono n'kumapita kukafuna takisi.

Anthu atabalalika, Che Amidu anandikhazika pampando wa galimoto umene unali pakhomo pa kontena. Anapita kwa mnzawo n'kubwera ndi zam'kati mwa tebo zina, ndipo ndinagula ndi ndalama zanga. Kenako anayamba kundilangiza ngati mmene ankachitira pafoni. Anati ndikatsuke mapayipi onse ndi chozizitsira mpweya, chifukwa tizidutswa ta timapiko tija tabisala m'menemo ndipo kamodzi kokha kakalowa m'injini ntchito yonse ya milungu isanu ndi umodzi ithera pomwepo. Anati ndikasinthenso oyilo. Za bodza langa sanatchulepo. Ndikunyamuka ndinayesa kupepesa, iwo n'kundidula.

"Ine ndakhala pano zaka zambiri, anthu awa akundidziwa. Koma amene anamva dzina langa m'minibasi sindidzawaona. Pitani, mungasiyidwe ndi basi."

Ndinabwerera pa Dwangwa tsiku lomwelo. Ndinakhala masiku awiri kuseri kwa filing'i siteshoni kuja, ndikutsuka payipi iliyonse ndi kuiunika ndi tochi. M'chozizitsira mpweya ndinagwedezamo tizitsulo tokwana pachikhatho. Lachiwiri injini inalira, ndipo ndinayendetsa mpaka kunyumba osapitirira ngakhale njinga yamoto.

Lachitatu, nditamva kuti asisitala ndi ada abwerako, ndinapita nayo ku Kande. Asisitala anali kuntchito. Pakhonde ndinapeza ada akuwerenga nyuzipepala. Anandiyankha moni m'Chichewa. Anazungulira galimoto, n'kundiuza kuti ndiilize. Anamvetsera kwa kanthawi.

"Ndiperekezeni pa Chintheche," anatero, n'kukwera kutsogolo.

Titafika pamsika anandiuza kuti ndiime pansi pa mtengo pamene akuluakulu amasewera bawo. Panali anthu asanu ndi mmodzi. Awiri mwa iwo ndi eni maminibasi amene ndimawakonzera. Kashedi kanga kankaoneka tsidya lina la msewu.

"Tili pa Salima ndinawaimbira anthu awa," anatero ada, akuyang'ana kutsogolo. "Ndinawauza dzina la munthu uja, ndi kuti ndi wakuba, asadzagulekonso kanthu. Ine kwanga ndinapepesa. Awa mukawauze ndinu."

Ndinazimitsa injini n'kutsika. Mmodzi wa eni maminibasi aja anadzutsa mutu, nkhomo zili m'manja.

"Amisiri, mwabwerako? Tamva kuti akuberani ku Lilongwe."

"Sanandibere," ndinatero. "Taimitsani kaye bawoyo, ndikuuzeni mmene zinayendera."

Kumbuyo kwanga ndinamva ada akutsitsa galasi la zenera kuti amve ngati ndisiyepo kanthu.